Ugadiyani wa kunja kuno: zimene jakisoni wa chiwindi anachita ndi magazi a amuna anga

Nkhani ikayamba kuyenda pakamwa pa Amalawi a kuno ku Perth, pomafika ku Joondalup imakhala itamera nyanga. Ya amuna anga inanyamuka kuno ku Rockingham ili yoti adwala ali pa mankhwala a chiwindi. Pamene inkabwerera kwa ine, patapita zaka, inali itasanduka lamulo: "Musayerekeze kukayezetsa hepatitis, akakupezani nayo amakupatsani mankhwala otha magazi." Anandiuza zimenezi ndi mayi wina wobwera kumene, osadziwa kuti munthu wotha magaziyo ndi amene ndimamuphikira nsima tsiku ndi tsiku. Ndiye ndapempha chilolezo kwa eni nkhani. Avomera, bola ndisatchule dzina. Theka la mphekeserayo ndi loona, ndipo ndi thekalo limene ndikufuna mulimve bwinobwino.

Anawapeza ndi hepatitis B titakhala kale kuno zaka zingapo, dokotala wathu wa pabanja atangoti tiyeze magazi tione mmene thupi likuyendera. Sankamva kupweteka paliponse. Matendawa ndi otero, amadya chiwindi mwakachetechete ngati chiswe mu mtanda wa denga. Maso achikasu ndi mimba yotupa zimabwera zinthu zitafika kale patali. Funso limene mkazi aliyense amakhala nalo akamva kuti mwamuna wake ali ndi kachilombo ka m'magazi mukulidziwa, ndipo dokotala analiyankha lisanafunsidwe. Anati kwathu ku Africa ambiri amatenga kachilomboka ali makanda, pobadwa kapena posewera ndi anzawo, kudzera m'zilonda ndi malezala obwerekana. Mwana akakatenga ali wakhanda, 9 mwa 10 alionse amakhala nako moyo wonse, pomwe munthu wamkulu akakatenga nthawi zambiri thupi limakachotsa lokha. Katemera wa hepatitis B analowa m'ndondomeko ya katemera wa ana ku Malawi mu 2002. Amuna anga ndi a nthawi ya Kamuzu, katemerayo anawaphonya ndi zaka zambiri. Ine ndi ana tinayezetsa, tinapezeka tilibe.

Mwina simukudziwa kuti kachilomboka kali pachibale ndi dziko limene tikukhalali. Baruch Blumberg, wofufuza wa ku America, anapeza chizindikiro chake m'zaka za m'ma 1960 m'magazi a Mwaborijini wina, n'kuchitcha Australia antigen. Analandira mphoto ya Nobel mu 1976, ndipo tsiku lokumbukira matenda a chiwindi padziko lonse, 28 July, ndi tsiku lake lobadwa. Amuna anga atamva zimenezi anaseka, amvekere: "Ndiye kuti ndangokabweretsa kwawo."

Katswiri wa chiwindi anawapatsa njira ziwiri. Yoyamba, piritsi limodzi tsiku lililonse, entecavir kapena tenofovir, mwina mpaka moyo wonse. Yachiwiri, jakisoni wa peginterferon kamodzi pa sabata kwa masabata 48, kenako basi. Anawauza mosabisa kuti jakisoniyo sathandiza aliyense, amene amapindula naye kwa nthawi yaitali ndi ochepa kuyerekeza ndi amene sapindula, koma mtundu wa kachilombo umene anali nawo, genotype A, umene ndi wofala kwathu ku Malawi, ndi umene umamvera interferon bwino kuposa mitundu ina. Anawauzanso zovuta zake, za magazi zomwe. Koma Mmalawi akangomva kuti tenofovir ndi yemweyo amene ali m'ma ARV, n'kumvanso mawu oti "moyo wonse", makutu amatsekeka. Anasankha jakisoni. Sindiwaweruza, munthu wa zaka za m'ma 40 amene sanagonepo m'chipatala amafuna chinthu chimene chili ndi mapeto.

Interferon sapha kachilombo ngati mmene mankhwala opopera amaphera mphemvu. Ndi chinthu chimene thupi limapanga kale lokha likagwidwa ndi kachilombo. Anachitulukira Alick Isaacs ndi Jean Lindenmann ku London mu 1957. Ntchito yake ndi kuliza likhweru kuti asilikali a m'thupi adzuke. N'chifukwa chake munthu akabaya amamva ngati malungo amugwira: kuzizidwa, mutu, kuphwanya thupi. Amuna anga ankabaya pamimba Lachisanu madzulo akaweruka ku fakitale ya ku Kwinana, kuti malungo abodzawo awagwere Loweruka. Bokosi la majakisoni linkakhala m'firiji, pamwamba pa mkaka wa ana. Loweruka lililonse ankagona chofunda kumutu, ine n'kutenga ana kupita nawo ku Foreshore kapena ku Point Peron kuti panyumba pakhale zii.

Apa m'pamene ndinayamba kuganiza za agadiyani. Aliyense amene anadwazikapo ku Queens kapena ku Kamuzu Central amadziwa kuti kwathu wodwala sagona yekha. Pamakhala munthu woyala chitenje pansi pa bedi, wophika phala kuseri, wothamangira anamwino akaona kuti kupuma kwasintha. Timadandaula nazo, n'zoona, chifukwa ugadiyani umabwera kaamba ka kuchepa kwa anamwino. Koma gadiyani ndi diso. Kuno kulibe zimenezo. Mankhwala amphamvu chonchi amakupatsani m'manja, mukabayire kunyumba, mubwere tsiku lakutilakuti tidzayeze magazi. Pakati pa tsiku loyeza ndi linzake, wodi ndi chipinda chanu chogona, ndipo gadiyani ndi amene mumagona naye. Ngati mwamubisira chimene mukudwala, kapena mwangomuuza kuti "ndi mavitamini", ndiye kuti muli pa mankhwala opanda woyang'anira. Ndikudziwa mabanja kuno amene mwamuna amabisa mankhwala m'galimoto.

Ife tinkapitira limodzi kwa dokotala, ndipo manambala ndinawaloweza. M'magazi muli tizidutswa ting'onoting'ono totchedwa ma platelet, timene timathamangira pabala n'kumatirirana kuti magazi asiye kutuluka. Timapangidwa m'mafuta a m'mafupa, timakhala moyo masiku 8 mpaka 10, kenako timalowedwa m'malo ndi tatsopano. Pa pepala la zotsatira, munthu wabwinobwino nambala yake imakhala pakati pa 150 ndi 400. Interferon amachepetsa liwiro la mafupa popanga ma platelet, ndiye nambalayo imatsika pang'ono mwa anthu ambiri amene akubaya. Zimenezo madokotala amaziyembekezera, ikatsika kwambiri amachepetsa mlingo wa jakisoni. Ya amuna anga inatsika miyezi yoyambirira, n'kukhazikika chapamwamba pang'ono pa 100. Aliyense anali wokhutira.

Chinachitika m'mwezi wachisanu ndi chiwiri, m'nyengo yozizira, chinali chinthu china. Zinayamba ndi kamfuno. Iwo anati ndi mphepo ya kunyanja imene imaomba m'mawa podikira basi. Kenako mswachi unayamba kutuluka wofiira. Anati nkhama zawo n'zakale, zimatero. Pantchafu panatuluka chibanga chakuda chachikulu ngati chikhatho, anati mwina anagunda chitsulo kuntchito. Zonsezi zinachitika m'masiku atatu okha. Tsiku lachitatulo m'mawa ndinapeza madontho a magazi pa pilo.

Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo khungu ndi chinthu chimene timayang'ana tsiku lililonse powasambitsa. Koma agogo amene ndimasamalira ndi azungu, ndipo zithunzi za m'timapepala ta zaumoyo timene tinali nato kunyumba zinali za khungu loyera, timadontho tofiira toonekera patali. Amuna anga ndi akuda bii. Pakhungu lotero timadontho timeneti sitifiira. Timaoneka ngati wina wadontheza ndi nsonga ya bolopeni yakuda, ndipo pa mwendo wa ubweya simungatione pokhapokha mutayandikira pamalo owala. Ndinawauza kuti, "Bambo, tayasamulani." Anati, "Mayi, ndichedwa basi." Ndinati, "Basi ibwera ina, tayasamulani." Nditaunika ndi tochi ya foni, kumwamba kwa m'kamwa kunali timadontho tofiirira tothithikana, ndipo m'kati mwa tsaya munali matuza awiri a magazi, akuda ngati nthudza zakupsa. Ndinakoka chikope cham'munsi, timadontho tomwe tija. M'akakolo, pamene pamamanga lasitiki wa sokosi, panali mzere wonse. Timadontho timeneti mukatidinikiza ndi tambula yagalasi sitizimirira ngati zidzolo zina, chifukwa ndi magazi amene atuluka kale m'mitsempha. Tsiku limenelo ku Kwinana sanapiteko.

Ku chipatala, kumalo a odwala mwadzidzidzi, nambala ija inatuluka ili pansi pa 10. Masabata awiri m'mbuyomo inali pamwamba pa 100. Anamwino anawaletsa ngakhale kupita okha kuchimbudzi, kuopa kuti angagwe n'kumenyetsa mutu, chifukwa nambala ikafika pamenepo magazi akhoza kutulukira m'kati mwa mutu kapena m'matumbo popanda bala lililonse.

Katswiri wa magazi anatifotokozera kuti uku sikunali kutsika kwa pang'onopang'ono kuja. Mafupa ankapangabe ma platelet, koma asilikali aja, atawadzutsa sabata ndi sabata kwa miyezi, anasokonezeka n'kuyamba kuona ma platelet a mwini thupi ngati adani. Amawapaka chizindikiro, ndipo akamadutsa mu kapamba amagwidwa n'kuphwanyidwa, ena asanathe n'komwe tsiku limodzi. Dzina lake ndi immune thrombocytopenia, mwachidule ITP. Anati mwa anthu obaya interferon zimachitikira ochepa kwambiri, palibe njira yodziwiratu kuti zigwera ndani, ndipo zikhoza kubwera nthawi ina iliyonse, ngakhale munthu atamaliza kale majakisoni. Ndinakumbukira agalu a kwa agogo anga ku Ntcheu amene ankawamasula usiku kuti athamangitse afisi, m'mawa n'kupeza agwira nkhuku za pakhomo pomwepo.

Mmene anthu anadziwira kuti chowononga ma platelet chimayenda m'magazi ndi nkhani yoti ikanachitika lero munthu akanachotsedwa ntchito. Mu 1950, ku St. Louis ku America, dokotala wachinyamata William Harrington anadziika m'thupi magazi a mayi wina wodwala ITP kuti aone chimene chichitike. Patangopita maola ochepa ma platelet ake anagwa, mpaka anakomoka. Patapita masiku angapo anabwerera m'malo mwake. Anasonyeza ndi thupi lake lomwe kuti vuto silili m'mafupa.

Jakisoni anaimitsidwa tsiku lomwelo. Koma kuchiza ITP mwa munthu wa hepatitis B ndi nkhani ya khoswe wokhala pamkhate. Mankhwala oyamba a ITP ndi prednisolone, amene ntchito yake ndi kugonetsa asilikali a m'thupi. Asilikali omwewo ndi amene amapondereza kachilombo ka chiwindi. Mukawagonetsa, kachilombo kamachulukana. Mukadzasiya mankhwalawo asilikali n'kudzuka, amakapeza kadzaza chiwindi ndipo pomenyana nako amawononga chiwindi chomwecho. Anthu amafa nazo zimenezi. Mankhwala ena a ITP, rituximab, ndi oopsa koposa pa nkhani yomweyi. Ndiye katswiri wa magazi ndi katswiri wa chiwindi anayenera kugwirizana kaye, ndipo chimene anagwirizana ndi chakuti ayambe kumwa tenofovir nthawi yomweyo, pamodzi ndi prednisolone. Piritsi limene analithawa lija linawapeza ali chigonere pa bedi. Iwo eni anangoti, "Walira mvula walira matope," n'kumeza.

Anawaikanso diripi ya immunoglobulin masiku awiri. Imeneyi imapangidwa kuchokera ku madzi a m'magazi a anthu masauzande amene amapereka mwaufulu, ndipo imatangwanitsa kapamba kuti asiye kaye kugwira ma platelet. Ndinafunsa chimene Mmalawi aliyense akanafunsa: bwanji osangowaika magazi? Anandiyankha kuti ma platelet a munthu wina akalowa amaphwanyidwa chimodzimodzi, ndiye amawasungira pamene munthu akutaya magazi moopsa. Diripi yonseyo sitinalipire ngakhale senti imodzi, ndipo usiku umenewo pobwerera kunyumba ndinkangoganiza kuti zikanatichitikira tili kumudzi, pa mtunda wa maola awiri kuchokera pa chipatala cha boma, nkhaniyi ikanakhala ya mtundu wina.

Apongozi anga tinawaimbira tsiku lachitatu. Perth ali patsogolo ndi maola 6, ndiye ndinadikira kuti kwawo kuche. Atamva kuti mwana wawo akutuluka magazi m'mphuno ndi m'kamwa popanda bala, anakhala chete, kenako anati, "Mwana wanga, pamenepo pali dzanja la munthu." Sindinawaseke. Munthu wamphamvu, wosadwaladwala, amene wapita kunja n'kumangira mayi ake nyumba ya malata, magazi n'kungoyamba kutha okha: kwathu nkhani yotero ili ndi tanthauzo lake lokonzeka kale. Ndinati, "Amayi, dzanja ndi la thupi lawo lomwe," n'kuwafotokozera za agalu a ku Ntcheu aja. Anamva. Anati apemphera, komanso anafunsa ngati ana awo enawo angakhale ndi kachilombo komweko. Pa anthu onse amene tinawauza, iwo ndi amene anafunsa funso loyenera.

Nambala inayamba kukwera m'sabata yoyamba. Prednisolone anamwa miyezi ingapo, akuchepetsa pang'onopang'ono, ndipo miyezi imeneyo sinali yokoma: nkhope inatupa, tulo tinasowa, ankadya ngati aganyu obwera kudimba, ndipo kanthu kakang'ono kankawapsetsa mtima. Asipirini ndi ibuprofen tinazichotsa m'nyumba, chifukwa zimafooketsa ma platelet otsalawo. Mpira wa Loweruka ndi anzawo anauleka kaye. Kapamba sanawachotse, ngakhale kwa ena amene ITP yakana mankhwala zimafika pamenepo.

Ma platelet si okhawo amene angakhudzidwe. Nthawi zina asilikali osokonezekawo amatembenukira maselo ofiira, amene mwachibadwa amakhala masiku pafupifupi 120, n'kumawaphwanya asanakalambe. Munthu amafooka, amapuma mwawefuwefu akakwera masitepe ochepa, mtima umathamanga, mkodzo umada ngati tiyi wopanda mkaka, maso amachita chikasu. Choipa chake n'chakuti wodwala chiwindi akaona chikasu amangoti ndi chiwindi chomwecho. Madokotala amasiyanitsa ndi kuyeza kumene kumatchedwa Coombs, dzina la Robin Coombs wa ku Cambridge amene anakutulukira ndi anzake mu 1945. Pakhungu lathu kuchepa kwa magazi sikuoneka pankhope. Yang'anani m'zikhatho, m'zikhadabo, lilime ndi m'kati mwa chikope, ngati mmene amachitira anamwino ku sikelo. Zikagwirizana zonse ziwiri, ma platelet ndi maselo ofiira, amati Evans syndrome.

Amene analandirapo mankhwala akale a hepatitis C amadziwanso ribavirin, mapiritsi amene ankamwera limodzi ndi interferon kwa masabata 24 kapena 48. Amenewo amaphwanya maselo ofiira mwa anthu ambiri, koma mwa njira ina: mankhwalawo amaunjikana m'maselo n'kuwafooketsa, asilikali a m'thupi sakhudzidwa, ndipo mlingo ukachepetsedwa magazi amabwerera. Ndikukhulupirira kuti mbiri ya "mankhwala otha magazi" mbali yaikulu inachokera kumeneko.

Tsono mbali imene mphekesera ija imasiya ndi iyi. Kuyambira pa 1 March 2016, boma la Australia linaika pa PBS mapiritsi atsopano a hepatitis C, monga sofosbuvir, ndipo munthu wamkulu aliyense wa Medicare akhoza kuwalandira, ngakhale kudzera kwa dokotala wa pabanja. Amamwedwa masabata 8 kapena 12, amachiza anthu oposa 95 mwa 100 alionse, ndipo interferon sakufunikanso. Pa hepatitis B, ambiri amene akufunika mankhwala masiku ano amapatsidwa entecavir kapena tenofovir, amene amalimbana ndi kachilombo kenikeniko osadzutsa asilikali. Interferon akadalipo, amaperekedwa kwa anthu ochepa osankhidwa bwino. Ambirinso amene ali ndi hepatitis B safunika n'komwe mankhwala pakadali pano, amangofunika kuyezedwa pafupipafupi. Ndiye munthu wokana kuyezetsa lero poopa zimene zinachitikira amuna anga akuthawa jakisoni amene mwina sadzamuona n'komwe, n'kukhala ndi kachilombo kamene kamayambitsa khansa ya chiwindi, ndiponso kamene pakokha, chiwindi chikauma, kamatsitsa ma platelet omwewo. Bungwe la WHO linati mu 2022 anthu 254 miliyoni anali ndi hepatitis B, ndipo matenda a chiwindi oyamba ndi tizilomboti anapha anthu 1.3 miliyoni chaka chimenecho. Ambiri mwa iwo sanalawepo mankhwala alionse.

Maganizo anga pa interferon ndi osakanikirana. Sindimukonda, ndinaona zimene anachita. Koma sindinganene kuti dokotala analakwa kumutchula, kapena kuti amuna anga analakwa kumusankha. Chimene ndimakana ndi chakuti munthu abaye mankhwala otero m'nyumba mwake muli anthu osadziwa. Ngati wina kwanu akubaya interferon, kaya ndi wa chiwindi kapena wa matenda ena, pitani naye kwa dokotala, lembani manambala, ndipo mukaona kamfuno wosaleka, nkhama zotuluka magazi, zibanga zosadziwika chiyambi, chimbudzi chakuda ngati phula, kapena kwa amayi msambo wochuluka modabwitsa, musadikire tsiku loyeza magazi. Mutu ukawawa kwambiri mwadzidzidzi kapena munthu akayamba kusokonezeka, imbani 000. Ofuna kufunsa mafunso osaonana ndi Mmalawi mnzawo pamzere, bungwe la HepatitisWA lilipo ku Northbridge.

Amuna anga akumwabe tenofovir m'mawa uliwonse, botolo lili poyera pafupi ndi ketulo. Ma platelet anabwerera pamwamba pa 150 ndipo sanatsikenso. Miyezi 6 iliyonse amakaunikidwa chiwindi, monga mmene malangizo a kuno amanenera kwa anthu obadwira kwathu ku Africa amene ali ndi hepatitis B, kuyambira zaka 20. Apongozi aja anaumirira mpaka ana awo onse anakayezetsa. Mlamu wanga wamng'ono, wa ku Area 25, anapezeka nako. Mkazi wake anali woyembekezera nthawi imeneyo, ndipo anapita limodzi kukamva zotsatira.